Mbuzi za Gobede Zokana Kugawika

Kalekale, koma ndisanapite patali ndiyambe ndalumbira. Pali amayi anga kumanda, pali agogo awo, pali khasu langa ili, ngati m'nkhaniyi muli bodza ngakhale laling'ono ngati nsabwe, mphenzi indiwombe pompano dzuwa likuswa mtengo. Mwaona? Sinandiwombe. Ndiye khalani chete.

Kalekale kunali munthu dzina lake Gobede. Gobede anali ndi zinthu ziwiri zazikulu: makutu ndi mbuzi.

Makutu ake anali ngati malichero. Mvula ikagwa, nkhuku za mudzi wonse zinkausa pansi pa khutu lakumanja, mkazi wake Nankhoma n'kumasinja pansi pa lakumanzere. Ndinawaona ndi maso angawa.

Mbuzi zake zinali zikwi ziwiri, mazana anayi, ndi imodzi. Imodziyo musaiiwale. Nkhani yonse yagona pa imodziyo.

Imodziyo anali tonde wokalamba, dzina lake Mafungo. Paja amati tonde azinunkha, koma uyu anapyola muyeso. Ntchentche ikatera pa iye inkakomoka. Fisi wina anamuluma mwendo, n'kulavula, ndipo kuyambira pomwepo fisiyo ankangodya nkhwani. Koma Gobede ankamukonda. Akamapita kumidzi yakutali kukagulitsa mbuzi, Mafungo ndiye ankatsogola, poti akuba sankayandikira.

Tsiku lina Gobede anamwalira. Kumuika kunavutirapo, chifukwa manda anachita kuwakumbira mapiko m'mbali kuti makutu akwane. Koma anamuika ndithu.

Maliro atatha, inafika nthawi yogawira ana mbuzi. Tsono kumeneko kunali mwambo wake. Ogawa chuma cha womwalira anali adzukulu, okumba manda aja, poti iwo si abale, sakondera. Mbuzi zinkatuluka m'khola imodziimodzi, mwana aliyense n'kulandira zofanana ndi mnzake. Ikatsala yosowa kolowera, imeneyo inali ndiwo ya adzukulu.

Mkulu wa adzukulu anali Chigwenembe. Munthu ameneyu ankavala chipewa cha mlaza chofika m'khosi, ndipo sankachivula, kaya kogona, kaya kosamba. Mphuno zake zinafa kalekale ndi fodya. Sankamva fungo lililonse. Kwa iye nyama inali nyama basi.

Ana a Gobede anali awiri, anyamata okhaokha, makutu ngati bambo awo. Anaima wina uku, wina uku. Chigwenembe anaima pakhomo la khola.

Mafungo anathamanga kuti atuluke woyamba. Wamkulu anatseka mphuno, nati ameneyo apite kwa mng'ono wake. Wamng'ono anatseka mphuno, nati ulemu ndi wa akulu. Anamukankhira kumbuyo. Anabweranso, anamukankhiranso. Mapeto ake anagwirizana kuti azikhala womalizira, ndipo amene amugwere, zake zimenezo.

Kugawa kunayamba.

"Iyi yako, iyi yako. Iyi yako, iyi yako."

Fumbi linakwera mpaka mitambo inayetsemula. Wamkulu analandira chikwi ndi mazana awiri. Wamng'ono chikwi ndi mazana awiri. M'khola munatsala mbee. Pakati pa khola, Mafungo.

Chigwenembe anatulutsa mpeni n'kuyamba kunola pamwala. Kwee, kwee. Anzake anapita kukatola nkhuni.

Mafungo anaganiza. Anali atasunga zinsinsi za mbuye wake zaka zambiri. Koma chinsinsi chimasungika bwino khosi likadali pamalo pake. Masiku amenewo mbuzi zinkayankhula, ndipo zinkayankhula bwino kuposa ena mwa inu.

"A Chigwenembe, baimani kaye," anatero Mafungo. "Mbuzi mwawerenga. Nanga ana mwawerenga?"

Nankhoma anayankha kuti ana ndi awiri, anabereka yekha, ndipo mbuzi isalowerere nkhani za m'nyumba. Mafungo anawerama mwaulemu. Anati iye za m'nyumba sazidziwa, amadziwa za panja. Kuseri kwa phiri kuli mtengo wa mango. Pamtengo umenewo anamangidwapo kambirimbiri mpaka anamaliza makungwa onse. Zimene mbuye wake ankachita m'nyumba ya pafupi ndi mtengowo iye sakuzidziwa. Koma pakhomopo pali munthu wa makutu.

Mwambo unkati mwana wa womwalira akamanidwa gawo, mzimu umabwera kudzakhala pakhomo la wogawa. Chigwenembe sankafuna mlendo wotere. Anabweza mpeni m'chiuno, anamanga Mafungo chingwe, ulendo kuseri kwa phiri.

Anakapeza munthu akusula makasu. Analibe mvukuto. Ankangokupiza makutu, moto n'kumati lawilawi. Panalibe chofunsa. Anabwera naye.

Mbuzi zonse zinabwerera m'khola. Ana atatu anaima.

"Iyi yako, iyi yako, iyi yako."

Mafungo ankadumphadumpha kumbuyo. Awiri andikana, atatu andilandira. Anaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Aliyense analandira mazana asanu ndi atatu. M'khola munatsala mbee. Pakati pa khola, Mafungo.

Kwee, kwee.

"A Chigwenembe, kutsidya kwa dambo kuli mtengo wa masuku."

Nankhoma anamasula kansalu ka maliro kumutu n'kukapinda bwinobwino.

Kutsidya kwa dambo anakapeza mayi akupeta mapira. Lichero analibe. Ankangopendeketsa mutu. Anabwera naye.

Ana anayi anaima. Iyi yako, iyi yako, iyi yako, iyi yako. Aliyense mazana asanu ndi limodzi. M'khola mbee. Pakati pa khola, Mafungo.

Apa ndikuuzeni chinthu chimene aphunzitsi anu sakuuzani. Ine sindinapondepo pasukulu, koma nambala zikandiona zimagwada. Nambala zili ndi mitundu ngati anthu. Pali zaulemu, zija ukati pitani pawiri zimapita osasiya kanthu. Pali zamakani, zija ukazigawa pawiri zimasiya kamodzi pakhomo nthawi zonse. Ndiye pakati pa zamakanizo pali mfiti zenizeni. Zimenezo sizigawika, ngakhale uitane anthu atatu, khumi, kaya mudzi wonse. Zimafuna munthu mmodzi atenge zonse, apo ayi aliyense atenge imodziimodzi. Pakati palibe.

Mafungo zimenezi ankazidziwa. Nambala ya Gobede inali yamakani, izo zinali zitaoneka kale. Chimene ankaopa n'chakuti mwina inali mfiti. Ngati inali mfiti, ndiye kuti angamalize mitengo yonse ya m'dziko, khosi osapulumuka.

Koma akanatani? Kwee, kwee.

"A Chigwenembe, kumtunda kuli mtengo wa bwemba."

Chigwenembe anadandaula kuti mapazi ake atupa, ndipo mpeni watha ndi kunola, watsala ngati singano. Anafunsa kuti kodi malemuwa ankagulitsadi mbuzi, kapena ankangoziyendetsa kuti zione dziko. Mafungo anati za malemu sitinena zoipa.

Kumtunda anakapeza munthu akuingitsa mbalame m'munda mwa mawere. Ankangowomba makutu, phwa, mbalame zonse balalabalala. Anabwera naye.

Ana asanu. Iyi yako mpaka kasanu. Aliyense mazana anayi ndi makumi asanu ndi atatu. M'khola mbee. Pakati pa khola, mukumudziwa.

Nankhoma anapita kwa adzukulu kukabwereka khasu. Anati akufuna akawafukule bambo a m'nyumba, ali nawo mawu awiri okha, akamaliza awakwiriranso yekha. Anachita kumugwira anthu asanu ndi mmodzi.

Mwana wachisanu ndi chimodzi sanachite kukamutenga. Anabwera yekha ndi mphepo. Anali atamva mbiri ya mbuzi, anatambasula makutu, mwera n'kumutula padenga la nkhokwe. Atatsika anapereka moni, nati chibale ndi fupa sichiwola. Nankhoma anati fupa limaswedwa ndi munsi.

Mafungo anapuma. Awiri akana, atatu akana, anayi akana, asanu akana. Nambala yokana asanu ndi mmodzi ingakhale yopanda ulemu. Mbuzi zinabwereranso m'khola zili wefuwefu. Zina zinali zitazolowera kale, moti zinkadziuza zokha kuti iyi yako.

Aliyense analandira mazana anayi. M'khola mbee.

Mafungo anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere. Yekha.

Kwee, kwee.

Anayesa kukumbukira mitengo ina. Mango atha. Masuku atha. Bwemba watha. Panali mlambe wina, koma pamenepo Gobede ankangomwapo mowa. M'mutu munalibenso mtengo.

"Pali wina?" anafunsa Chigwenembe.

"Ndikuganiza."

"Ukaganizira mumphika."

Adzukulu anasonkha moto. Ana asanu ndi mmodzi aja anaima patali atatseka mphuno, osamumvera chisoni ngakhale pang'ono, chonsecho atatu mwa iwo anali kumeneko chifukwa cha iye. Ndiwo anthu amenewo.

Chigwenembe anamugwetsa pansi, anamuponda ndi bondo, anawerama kuti apeze pakhosi pabwino. Mphepete mwa chipewa cha mlaza munafika pakamwa pa Mafungo.

Tsono mbuzi ndi mbuzi. Ngakhale imfa itaima pakhomo, mbuzi ikaona mlaza imatafuna. Mafungo analuma. Anakoka. Anatafuna. Chingwe cha chipewa chinaduka. Chipewa chonse chinalowa m'kamwa.

Phwaa. Phwaa.

Makutu awiri anatambasuka pamutu pa Chigwenembe. Limodzi linazimitsa moto. Lina linagwetsa mdzukulu mnzake. Nkhuku za m'mudzi zinangoona mthunzi, zonse n'kuthamangira pansi pa khutu lakumanja monga zinazolowerera.

Anthu anangoti kukamwa yasa.

Chigwenembe anayesa kuwapinda, koma makutu amene apanikizidwa kuyambira ubwana sabwerera. Anavomera kuti amayi ake ndiwo anamuveka chipewacho ali wakhanda, n'kumuuza kuti akadzachivula kumwamba kudzagwa. Amayi akewo ankaphika mowa pamlambe wa pamphambano.

"Pamlambe," anatero Mafungo, akumeza mlaza womaliza. "Ndimadziwa ine. Ndimangodikira nthawi yake."

Limenelo linali bodza, ndipo ndi bodza lokhalo m'nkhani yonseyi. Ndi la mbuzi, si langa.

Apa zinthu zinasokonekera. Mdzukulu sakhala mbale wa womwalira. Chigwenembe anali atakumba manda a bambo ake omubereka. Anali atanyoza makutu awo pamaliro, anthu n'kumaseka. Anali atavina pamanda, atadya nkhuku ziwiri, osagwetsa msozi ngakhale umodzi. Akuluakulu anati alire tsopano, abweze ngongole ya misozi. Anakhala pansi n'kuyamba kulira bambo, bambo. Nankhoma anamupatsa kansalu kake ka maliro, nati iye sakukafunanso.

Mpeni anaulandira mdzukulu wina, amene anayamba wavula chisoti chake kuti anthu amuone bwinobwino. Makutu ake anali ngati a khoswe. Anamuloleza.

Ana asanu ndi awiri anaima, Chigwenembe kumapeto, poti ndiye anapezeka mochedwa. Mbuzi zinabwerera m'khola. Mafungo anaima kumbuyo. Chipewa china choti adye panalibe.

"Iyi yako, iyi yako, iyi yako, iyi yako, iyi yako, iyi yako, iyi yako."

Zinatuluka, zinatuluka, zinatuluka. Khola linayamba kuoneka pansi. Mafungo anawerenga zimene zinali patsogolo pake. Zinali zisanu ndi imodzi. Anawerenganso. Zisanu ndi imodzi ndithu, iye wachisanu ndi chiwiri.

Yoyamba kwa wamkulu. Yachiwiri kwa mng'ono wake. Yachitatu kwa wosula makasu. Yachinayi kwa wopeta mapira. Yachisanu kwa woingitsa mbalame. Yotsatira kwa wobwera ndi mphepo.

"Iyi yako," anatero wogawa, mawu akulira, uku akukankhira Mafungo kwa Chigwenembe.

M'khola mbee. Pakati pa khola, palibe.

Aliyense anali ndi mazana atatu, makumi anayi ndi zitatu. Nambala ija sinali mfiti ayi. Inali ya mtima umodzi. Inakana awiri, inakana atatu, inakana onse aja, poti inali itatomeredwa kale ndi asanu ndi awiri.

Mafungo anatuluka pachipata ngati mkwati. Anakaima pafupi ndi Chigwenembe n'kumunyambita dzanja lomwe lija linagwira mpeni. Adzukulu anayang'ana mphika wopanda kanthu, wina n'kuyamba kulira kuposa amasiye.

Mukuganiza kuti yatha? Chakudza sichiimba ng'oma.

Kumsewu kunaoneka munthu akubwera, kamtolo paphewa. Anali patali, nkhope siinkaoneka. Koma makutu ankaoneka.

Adzukulu anayambanso kusonkha moto. Kwee, kwee.

Mafungo sanafune kudikira kuti mbuzi zibwerere m'khola. Mutu wake unali utagwira kale. Ana anayi anandisiya panja, aliyense atatenga mazana asanu ndi limodzi. Asanu ndi atatu ndi anayi omwe aja, kungoti aliyense wang'ambidwa pakati. Atenga mazana atatu atatu, ine n'kutsalanso. Wachisanu ndi chitatuyu ndi mpeni woyenda ndi miyendo.

Anadula chingwe. Anathamangira kumsewu. Sanamugunde munthuyo, Mafungo sanali wachiwawa. Anangoima kumene kumachokera mphepo, n'kudzigwedeza thupi lonse, kuyambira ndevu mpaka mchira. Fungo limene ankalisungira tsiku la nkhondo analitulutsa lonse.

Udzu unafota. Nyerere zinasamuka ndi mazira awo. Mlendo uja anaima, misozi ili chuchuchu. Anayamba kukupiza makutu kuti athamangitse fungo. Anakupiza, fungo osachoka. Anakupiza kwambiri. Anakupiza mpaka zala za kumapazi zinasiya nthaka. Anakwera, anakwera, anapitirira nsonga za mitengo, kamtolo kake kali paphewa, mpaka anatsala kadontho.

Mafungo anabwerera pang'onopang'ono akubzikula.

Wogawa anafunsa ngati sanali munthu wa makutu amene ankabwera uja. Ana asanu ndi awiri anayang'anizana, aliyense akuganizira mbuzi zake, ndipo onse anati iwo sanaone bwino. Ndiye anafunsa Nankhoma, poti mawu a mfedwa satsutsidwa.

"Anali mleme," anatero Nankhoma. "Mwamuna wanga anali ndi ana asanu ndi awiri. Amene abweretsenso wina, ndimuika pamodzi ndi bambo akewo."

Nkhani inathera pomwepo. Mzimu wa Gobede sunabwere kudzadandaula. Unkaopa Nankhoma.

Chigwenembe anapita ndi mbuzi zake kwawo. Panjira mtima wa nyama unamubwerera. Anayang'ana Mafungo, nati tsopano ndiwe wanga, palibe mwambo wondiletsa. Mafungo anamufunsa kuti ali ndi ana angati. Anati asanu ndi awiri. Mafungo anati ndiye ayese kuchotsapo mbuzi imodzi, aone ngati anawo sadzamenyana pamaliro ake, mzimu wake n'kusowa pogona. Chigwenembe anakhala pansi, anawerenga ndi timiyala mpaka timiyala tinatha m'dera lonselo. Anapeza kuti mbuzi ikunena zoona. Zikakhala zonse, mwana aliyense makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, osatsala kanthu. Ikachoka imodzi, nkhondo.

Anataya mpeni m'thengo.

Ndipo tamverani izi. Ana onse a Gobede aja, aliyense anabereka asanu ndi awiri. Zidzukulu za Gobede zinakwana makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo aliyense analandira mbuzi makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi. Anthu kuchuluka chimodzimodzi ndi gawo la munthu. Iwonso anabereka asanu ndi awiri aliyense, mwana kulandira mbuzi zisanu ndi ziwiri. Amenewonso asanu ndi awiri, mwana kulandira mbuzi imodzi. Nambala imeneyi ukaing'amba, m'kati mwake mulibe china, ndi asanu ndi awiri okhaokha, kanayi konse. Mafungo anakhalapo mpaka kugawa komaliza, ndipo sanatsalenso. Anafa ndi ukalamba, makhwangwala n'kukana mtembo.

Uja wachisanu ndi chitatu akuulukabe. Nyengo ya mwera mukamva phwa, phwa pamwamba pa denga, ndi iyeyo, akufuna potera.

Ndiye phunziro ndi ili. Usanawerenge mbuzi, yamba wawerenga ana. Ndipo ukamayenda maulendo ako a kuseri, tonde uzimusiya kunyumba.

Mwati chiyani a Jumbe? Mwati kugawa konseko, maulendo onsewo, mbuzi zikwi ziwiri sizikanalephera kuswa ngakhale kamwana kamodzi, nambala n'kusintha? Zamkutu zimenezo. Mbuzi zinali pamaliro. Ndani amabereka ali pamaliro a mbuye wake? Zinadzigwira zonse mpaka kugawa kutatha, poti mbuzi zakale zinali ndi mwambo, osati zanu zija zodya sopo. Ngati mukukayika, vulani chisoticho tione makutu anu.

Nthano yanga ndaimangirira pomwepo.